Mpando wa Kumbuyo kwa Kalasi

Sukulu ndinaiyamba ndevu zitamera kale, ya madzulo, ku Kabwata. Choko ndinachigwira anzanga akuganiza zopuma ntchito. Motero pa pulayimale ya ku Chilenje kumene ananditumiza ndinali wamkulu kuposa onse, ndipo aphunzitsi anzanga ankanditchula kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo m'Chibemba.

Ahedi athu anali mayi a ku Chipata, afupi, osakhazikika mu ofesi. Anali atatopa ndi maphunziro a kuhotela, kumene tinkabwerako ndi zikwama zatsopano koma kaphunzitsidwe komwe kaja. Anaika mpando kumbuyo kwa kalasi iliyonse. Lachinayi wina aziphunzitsa, mnzake akhale pampandopo, ana akaweruka tikambirane.

Poyamba zinakanika. Kwathu mwana sadzudzula mkulu. Ndikaphunzitsa ine, onse ankangoti, “Mwachita bwino, ba shikulu,” maso ali pachitseko.

“Mukuwatamanda ngati tili pamaliro,” anatero ahedi. “Sanafe awa. Kuyambira lero musayang'ane mphunzitsi. Yang'anani ana, mudzatiuze zimene anachita.”

Sabata yotsatira, ine ndikuphunzitsa, pampando panakhala mphunzitsi wamkazi wongochoka kumene ku koleji. Pokambirana anayang'ana pansi.

“Ba shikulu, ine sinikamba za imwe. Koma ana a kuwindo sanakambeko olo kamodzi. Amene anayankha ni aja chabe oliza zala.”

Ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba. Titafika m'tauni, kondakitala wina anandipatsa moni kuti ba ticha, n'kukana ndalama yanga. Ndinakumbuka pamene ankakhala m'kalasi mwanga: kuwindo. Mawu ake sindinawadziwe mpaka tsikulo.

Ndinasintha. Ndikafunsa funso ndinkaletsa zala, ndinkawapatsa mpata akambirane awiriawiri, kenako n'kuitana dzina la kuwindo. Sizinali zachilendo, mphunzitsi wamng'ono uja ndiye anandionetsa.

Kenako ahedi anasamutsidwira ku Kabulonga. Analowa m'malo mwawo bambo a tayi, amene anati Lachinayi tikutaya nthawi, ndipo mipando ija ipite ku holo. Aphunzitsi achinyamata anangoinyamula n'kukaisiya komweko. Ndinaona kuti zikatha mwezi umenewo, sizidzabweranso, ndipo ana a kuwindo adzayambiranso kukhala chete.

Lachinayi ndinakatenga mpando ku holo, ndinaunyamula ndekha kudutsa bwalo lonse ana akundiyang'ana, n'kukagogoda ku ofesi.

“Ba hedi, ndabwera kudzapempha. Mundikhalireko kumbuyo kwa kalasi. Musayang'ane ine, yang'anani ana.”

Anayang'ana mapepala awo, anayang'ana imvi zanga. Mwambo umene unkatseka pakamwa achinyamata uja unawagwira iwonso: nkhalamba yanyamula mpando, mungaibweze bwanji?

Anakhala mpaka belu. Tikukambirana pamodzi ndi aphunzitsi anzanga, ahediwo anayamba ndi kutsokomola.

“Kamtsikana ka pakona kanali ndi yankho m'kope, ba shikulu. Kanaliphimba ndi dzanja. Inu munadutsa.”

“Ndinadutsa,” ndinavomera. “Maso awiri sakwanira kalasi ija.”

“Ndiye Lachinayi likubwerali ni imwe, ba hedi,” anatero mphunzitsi wamng'ono uja, amene tsopano sankayang'ananso pansi. “Choko mukali kuchiziwa?”

Ena anabisa nkhope. Ahedi anamasula tayi pang'ono, anaseka, n'kufunsa kuti awapatsa giredi iti, nanga pampando adzakhala ndani.

Ndinakweza dzanja. Zala sindinalize.