Mano pa Mendulo ya Asajeni

Anthu a mumsewu wawo amangowatcha Amayi a Mano. Zaka makumi atatu anagwira ntchito m'chipinda cha dokotala wa mano, kuwiritsa tizitsulo, kugwira mutu odwala amantha, ndi kupala zoyanga m'kamwa mwa anthu olumbira kuti amatsuka kawiri patsiku. Atapuma pantchito anatuluka ndi tizitsulo titatu takutha, galasi lokulitsa zinthu, ndi manja osanjenjemera.

Za mamendulo zinayamba ndi alamu awo, amene anabwera ndi chitini chomwe chinakhalitsa pansi pa denga lodontha. M'katimo munali mamendulo a kunkhondo a malemu bambo awo, atamatirana ndi dzimbiri. Awiri mwa mamendulowo alamuwo anali atawakwecha kale ndi sitiliwulu mpaka nkhope yodindidwapo inafufutika.

"Alamu, mwachotsa dzimbiri ndi munthu yemwe," anatero mayiwo, n'kuwalanda otsalawo.

Anaphunzira pang'onopang'ono, pathebulo la pawindo. Dzimbiri limakonda kaphini ndi kamphete kogwira riboni. Amadontheza pamenepo mafuta a makina osokera, kudikira masiku awiri, kenako kutokosa ndi kamtengo kosongola. Kachitsulo kamafika pokhapokha kamtengo kakakanika. Ikatero mendulo imasamba ndi sopo wofewa ndi burashi ya mwana, iume bwinobwino, ipakidwe phula pang'ono, igone m'kansalu ka thonje. Riboni sachapa, ngakhale ide bwanji. Mbiri inawanda, anthu anayamba kugogoda ndi zitini zawo.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mphunzitsi wamkazi, atanyamula mendulo yasiliva ya malemu bambo ake, amene aliyense ankawatcha Asajeni. Dzimbiri la kamphete linali litayenderera mpaka m'mphepete, pomwe panali potiwizika.

"Apa m'pamene panamenya chipolopolo," anatero mphunzitsiyo monyadira. "Achimwene akufuna tiipachike pabalaza, koma iwale."

Amayi a Mano anamuuza abwere Lachisanu. Masiku anayi anakhala pawindopo, msana uli chiweramire, tiyi akuzizira pambali. Dzimbiri litachoka anaika galasi padiso, n'kuseka okha.

"Mwanawe, khala pansi," anatero Lachisanulo. "Mendulo amapereka nkhondo itatha. Chipolopolo chikanaipeza kuti?"

Mphunzitsiyo nkhope inagwa. "Ndiye bambo ankanama?"

"Sindikudziwa zimene ankanena. Ine ndimadziwa mano. Taona: awiri apa, mpata pakati, ndipo kuseriku ena ang'onoang'ono. Munthu analuma ndi mtima wonse. Kukamwa kwake kunali kochepa, ndiyesa wamkazi."

Mphunzitsiyo anayang'anitsitsa pagalasipo, dzanja lili pakamwa. Malemu mayi ake anali ndi mpata wotero, woti akamaseka unkaonekera patali. Pomwepo anatulutsa foni n'kuimbira azakhali ake, mlongo wa Asajeni, nawaika pokweza kuti onse amve.

Azakhaliwo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwaidziwa lero? Bambo ako pofunsira analibe ngakhale jekete, anangotulutsa menduloyo kuti aoneke munthu. Mayi ako anati, 'Asilikali mumanama, mwina ndi chitsekerero cha botolo,' ndiye kuiluma! Dzino linawawa sabata yathunthu. Za chipolopolozo anapeka ndi achimwene akowo ali kusukulu, bambo ako n'kungozisiya."

Mphunzitsiyo anaseka, kenako misozi inatsika. Mayi ake sanasiye chithunzi chooneka bwino, koma apa panali kukamwa kwawo kwenikweni. Amayi a Mano anamusiya alire, iwo akupinda kansalu.

"Kuwala sindiiwalitsa," anatero mayiwo, mphunzitsiyo atatonthola. "Ndikakwecha, manowa apita. Auze achimwene akowo kuti ndakana ndine, abwere adzakalipire ine."

Achimwenewo anabweradi mawa lake, atakwinya nkhope. Anatenga galasi, nayang'ana manowo nthawi yaitali. Potuluka anangofunsa mtundu wa bokosi losalowa chinyezi, ndipo mayiwo anawalembera papepala: la galasi, nsalu ya thonje pansi, kutali ndi khoma la kubafa. Anawaperekeza mpaka pageti, n'kubwerera msanga, poti pathebulo panali kaphini kena komwe kanali katamwa mafuta masiku awiri.