Madina ndi Laputopu ya ku Joni

Madina Jabir wa ku Bangwe anayamba kujambula ali ku sekondale. Aphunzitsi ena anamupatsa kabokosi ka penti wa madzi, ndipo chimene chinamusangalatsa ndi mmene pentiyo amayenderera yekha papepala lonyowa, kenako n'kuuma atasiya kamzere kodera m'mbali. Ankafuna kudzapitiriza maphunziro a zojambula. Koma chaka chimene anamaliza sukulu amayi ake anamwalira, ndipo pasanapite nthawi bambo ake, Che Jabir, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, anagwa ndi sitiroko ali pamakina. Anafa mbali ya kumanja, ndipo zimene ankalankhula ankazimva ndi Madina yekha.

Mchimwene wake wamkulu, Mubarak, ankagwira ntchito ku Joni. Anatumiza pabasi laputopu yakale ndi kathabwa kojambulira kokhala ndi cholembera chake.

"Uzijambula uli pakhomo pompo," anatero pafoni. "Masiku ano ntchito imakupeza wekha. Ine ndibwera ndidzakulandire, Insha Allah."

Ntchito inamupezadi. Mayi Brenda, mkonzi wa kampani ina yaing'ono ya mabuku a ana ku Lilongwe, anaona zithunzi zake pa intaneti. Ankafuna zithunzi za buku lonse, zooneka ngati zopentedwa ndi penti wa madzi, koma zopangidwa pakompyuta kuti zizitheka kusintha.

Madina anaika laputopu pathebulo la makina osokera, pabalaza, pomwe ankatha kuona chitseko cha kuchipinda kwa bambo ake. Mu pulogalamu yojambulira munali burashi yotsanzira penti wa madzi, ndipo mavuto anayambira pa burashi imeneyo. Akakoka cholembera, pasikirini sipankaoneka kanthu. Ankadikira dzanja lili m'malere, kenako mzere n'kutulukira utakhota pomwe iye sanakhote. Fani inkalira, laputopu inkatentha yosagwirika kunsi. Batire linali lakufa, ndiye magetsi akathima chilichonse chimene sanasunge chinkapita. Nthawi yojambulira inalinso yoduladula. Che Jabir akamenya supuni pakapu, Madina ankadzuka kukawatembenuza, kuwamwetsa mankhwala, kapena kuwagwirizira popita kubafa. Pobwerera ankapeza kamtambo kamene anapenta kakadali pakati, kompyuta ikulimbana nako.

Bandulo ikapezeka ankaonera mavidiyo a anthu ophunzitsa. Anachepetsa kukula kwa chithunzi. Anaphatikiza maleya, zigawo zosanjikizana za chithunzi, kuti akhale ochepa. Anatseka mapulogalamu ena onse, anachepetsa burashi, anazimitsanso mbali ya burashiyo imene imachititsa penti kumayendabe ngati wanyowa. Laputopu anaikweza pazitsekero za mabotolo kuti izipuma kunsi. Liwiro linabwera, koma chithunzi chinafa. Mitundu inangokhala phwathalala, yosalala ngati beseni lapulasitiki.

"Zauma izi, Madina," anatero Mayi Brenda. "Mwanayu akuoneka ngati mwachita kumumata pamwamba pa udzu. Zija ndinaona poyamba zinali ndi moyo."

"Zija zinali zapapepala, amayi."

"Ndiye pezani njira. Ine ndikudikira."

Anthu anamuuza za Onesimo, wokonza makompyuta ku Limbe. Kuti achoke pakhomo anafunika munthu wotsala ndi wodwala, ndipo Mayi Petronela a nyumba yoyandikana anavomera kukhalapo m'mawa umodzi. Onesimo atatsegula laputopuyo anachotsamo fumbi lopotana ngati thonje, n'kuwonjezeramo memore.

"Isintha pang'ono, chemwali," anatero akumanga tizitsulo, "koma ndisakunamizeni, yakalamba iyi. Burashi imene mukunenayo imafuna makina amphamvu. Apa yafika pomwe ingafike."

Madina atatuluka m'kashopumo sanapite msanga pa siteji ya minibasi. Panali patapita miyezi asanapondemo m'tauni. Anayenda pang'onopang'ono, kuona zitenje zopachikidwa pamakomo, kuima pakhonde pomwe bambo ake ankasokera, pomwe tsopano panali munthu wogulitsa makava a mafoni. Foni inalira ali pomwepo.

"Bwera msanga, mwananga," anali Mayi Petronela. "Abambo ako agwa. Amachita manyazi kundiuza kuti akufuna kuchimbudzi, ndiye anadzuka okha."

Anawapeza atachekeka pamphumi, akuyang'ana kukhoma. Tsiku limenelo anakana kudya. Kuyambira pamenepo Madina sankapitirira pamsika wa pafupi.

Laputopu inasinthadi pang'ono, koma burashi ija inkaikokabe pansi. Tsiku lina, akupukuta tiyi amene bambo ake anatayira papepala la mankhwala, anaona kuti banga lauma ndi kamzere kaja m'mbali. Anatenga mapepala okhuthala, anawanyowetsa, n'kumadonthezapo tiyi ndi utoto wonyikira nsalu umene unatsala m'kabati ya Che Jabir. Akauma pawindo ankawajambula ndi foni, n'kuwalowetsa mu pulogalamu kuti akhale thambo, udzu ndi nthaka. Anthu ndi nyama ankawajambula pamwamba ndi burashi wamba yopepuka, imene laputopu inkaikwanitsa mosavuta. Zala zake zinakhala zobiriwira kwa milungu ingapo, koma zithunzi zinatha, ndipo Mayi Brenda anachita kuimba okha.

"Izi ndiye izi! Tamverani, Madina. Tikufuna wojambula wokhazikika kuno ku ofesi. Kompyuta ilipo yatsopano, sikirini yake yaikulu. Bwerani."

Madina anatuluka panja, kuseri kwa nyumba, n'kuimbira Mubarak.

"Achimwene, nthawi ija yakwana. Bwerani mudzakhale ndi ababa, olo chaka chimodzi."

Mubarak anati, "Mapepala anga anatha, Madina. Ndikatuluka muno sindidzalowanso. Ndipo alamu ako ndi oyembekezera. Tandipirira pang'ono."

Anaganiza zowatenga bambo ake ku Lilongwe, koma kumeneko akanakhala m'chipinda cha lendi, iye ali kuntchito tsiku lonse, popanda munthu womva zimene akulankhula. Ku Bangwe, anzawo a kumzikiti ankabwera Lachisanu kudzawanyamula ku swala, ndipo limenelo ndi tsiku lokhalo limene ankaseka.

Atalowa m'nyumba anapeza kuti bambo ake anamva zonse pawindo. Anamukodola ndi dzanja lamanzere. Milomo inavutika nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Pita."

"Nanga inu, ababa?"

Che Jabir anangogwira dzanja lake lija la utoto, molimba, osalisiya.

"Ndidzapita achimwene akabwera," anatero Madina.

M'mawa mwake anawauza Mayi Brenda kuti sangathe. Malowo anapatsidwa kwa munthu wina, ndipo popeza ku ofesi kunali tsopano wojambula wake, ntchito zobwera ku Bangwe zinachepa mpaka zinasiya. Masiku ano Madina amapanga makadi aukwati, mapulogalamu a maliro ndi maposita a makwaya. Zimenezi sizifuna burashi ya madzi, ndipo laputopu imazichita mosadandaula.

Buku lija litasindikizidwa, Mayi Brenda anatumiza limodzi pabasi. Linakhalitsa ku ofesi ya basi m'tauni chifukwa panalibe wokalitenga, mpaka Mayi Petronela anadzera kumeneko pochokera koona m'bale wawo ku Chilomoni. Madina analitsegula ataimirira pakhomo. Mitundu inatuluka yodera kuposa mmene inalili pasikirini, koma dzina lake linalipo, m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa chikuto. Analijambula n'kutumizira Mubarak, amene anayankha ndi kachala koloza m'mwamba. Kenako analisiya pamkeka pafupi ndi bambo ake kuti azitembenuza masamba ndi dzanja lawo lamoyo, n'kubwerera pabalaza, pomwe mayi wina wa kwaya ankamudikira kuti asinthe tsiku pa posita.