Kabedi ka Mdzukulu wa Atelala

Atelala ankalera mdzukulu wawo wamasiye m'chipinda chomwe ankasokeramo. M'mawa ankaimika kabedi ka mwanayo kuseri kwa chitseko kuti makina apeze malo. Mayi wa ku ofesi yoona za ana anabwera masana, nangoima pakhomo, n'kulemba kuti mwana amagona pansi. Patatha sabata anadzamutenga.

Atelala anavala jekete n'kukadandaula ku ofesiko. Kalaliki anawapatsa fomu.

"Kodi adzaiwerenga ndani, mwanangu?"

"Mayi omwe aja, agogo. Fayilo ndi yawo."

Analembabe bwinobwino. Kuyambira tsikulo, kabediko sakaimikanso. Amasokera pakhonde, fumbi likudetsa nsalu za eni, chitseko chili chotsekula, kuti mayiwo akadzabweranso adzakaone ali pakhomo pomwepo. Uno ndi mwezi wachisanu.