Kachikwama ka mfuti ya amama

Ndikukumbukila nyumba yathu ya ku kampu ya apolisi pa boma la Lundazi, ya malata adzimbili, yokhala ndi mtengo wa mango kumaso. Amama ndiwo anali apolisi. Adada anali kalipentala, ndipo anthu ankaseka kuti pakhomo pathu mfuti ili ndi mkazi, mwamuna ali ndi sowo. Adada ankaseka nawo, uku akupala matabwa awo.

Mfutiyo inali yaing'ono, ya m'chiuno. Sinkagona kwathu. Amama ankaitenga ku ofesi m'mawa n'kuibweza poweluka, koma masana ankadutsa nayo kunyumba podzayamwitsa mlongo wanga Chawezi, kamnyamata kamene kanali katangoyamba kukwawa. Inkakhala m'kachikwama kachikopa kopachika pa lamba, kakalekale, kofewa ngati lilime la nsapato yakutha, ndipo batani lotsekela kalamba kake linkamasuka lokha.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, ine ndili giledi folo, ndinkalela Chawezi pamphasa pansi pa mango. Amama anatsika panjinga thukuta lili kamukamu, nawelama kuti anyamule mwana. Ndinangomva kuti phi! Mfuti inali pafumbi, pafupi ndi bondo la Chawezi, ndipo iye, poona chinthu chonyezimila, anatambasula kadzanja akuseka. Amama anaiponda ndi jombo, n'kumukankhila mwanayo kwa ine. Mfuti sinalile. Koma adada anasiya kupala, ndipo amama anatola mfutiyo, nakakhala pakhonde kuyamwitsa Chawezi.

Loweluka lotsatila amama ananditenga kupita kumsika kukasoketsa kachikwama katsopano, kwa aBanda osoka nsapato, amene anachokela ku Kasungu kalekale n'kukhazikika kwathu kuno. Mfuti yeniyeni sakanapita nayo kumeneko. Anali ataijambula pa katoni ku ofesi, atachotsa zipolopolo, ndipo adada anasema ina ya mlombwa yofanana nayo ndendende, ndi kachitsulo kowombela komwe, ka mtengo. Ndinainyamula ine m'chikwama changa cha mabuku, ndikuyenda mwamatama ngati msika wonse ukudziwa.

Kashedi ka aBanda kankanunkha guluu, phula ndi zikopa. Nsapato zopanda zinzake zinali mulu pakona. "Monile, amama a Tamala," anatelo, potchula dzina langa, akulavula timisomali tomwe anali nato pakamwa. Atamva chomwe tinabwelela, maso awo anawala. Anali atatopa ndi zidendene za anthu.

Titabwelelako kukatenga kachikwamako, anatulutsa chinthu chokongola kwambili: chikopa chofewa chofiilila, maluwa odinda m'mbali, ndi mphonje zolendewela. Kumtunda anali atadula mokhota kuti chowombela chizionekela. Anati umo ndi mmene anaonela mu vidiyo, kuti munthu azisolola msanga chala chili kale pamalo.

Amama anakayang'ana, nakayamikila kusoka kwake, kenaka anakabweza. "Ine sindili mu vidiyo, adada. Ndili ndi mwana wokwawa. Chowombela chibisike chonse, chala kapena kamtengo kasafikepo. Chikopa chikhale chouma, choti ndikasolola, pakamwa pake pakhale potseguka, ndibweze ndi dzanja limodzi. Ndipo maluwawa musungile akazi anu."

ABanda anadandaula pang'ono za maluwawo, koma anakatenga chikopa cha ng'ombe chochindikala, nachinyika m'beseni, n'kuchikulunga pa mfuti ya mtengo ija chili chonyowa, akuchikanikiza ndi chogwilila cha supuni mpaka maonekedwe onse atadindika. Anachiumika pamthunzi. Pa ulendo wachitatu tinapeza kachikwama kakuda, kosakongola n'komwe, kolimba ngati chigoba cha fulu. Mfuti ya mtengo inalowa mothina. Amama anakazondotsa osatseka kalamba, n'kukagwedeza. Sinagwe. Anatseka batani, nalitsegula ndi chala chachikulu, mobwelezabweleza, akumvetsela kulila kwake. Anakoka polowetsa lamba kuti aone ngati ulusi ungalekele.

Ndiye anatembenukila kwa ine. Anavula lamba wawo, naboola bowo lina ndi singano ya aBanda, n'kundimanga m'chiuno pamwamba pa dilesi. "Thamanga ukafike pa amayi ogulitsa tinsomba ta kapenta. Udumphe ngalande. Pobwela uchite chidadada." Sindinauzidwe kawili. Ndinathamanga pakati pa milu ya tomato ndi matumba a nshawa, mtedza uja, kachikwama kakundimenya pantchafu, ndinadumpha ngalande, ndinagubuduka pa mchenga, ndinaima ndi manja miyendo ili m'mwamba moyedzamila khoma la chigayo, dilesi litandiphimba kumaso. Amayi a kapenta anafuula kuti, "Mwana wa apolisi wapenga!" Ndinabwela ndili mbuu, tsitsi lodzala mchenga, mfuti ya mtengo ili m'malo mwake.

"Yewo, adada," anatelo amama pothokoza aBanda, akuombela m'manja pang'ono. Pobwelela kunyumba anandigulila chitumbuwa, ndipo anandikweza pa kaliyala wa njinga, akuimba nyimbo ya kwaya. Kuchokela tsiku limenelo ankati akafika masana, amayamba aima pageti n'kukhudza batani lija, kenaka n'kuwelama. Mfuti ya mtengo adada anaiponya pamoto, ine ndikulila. Anati ntchito yake yatha, ndipo safuna kuti Chawezi azolowele kugwila chinthu chooneka choncho.

Masiku ano apolisi achinyamata amene ndimakumana nawo popita kukaphunzitsa amavala tizikwama tapulasitiki tolimba, tobwela topangilatu, totseka tokha kuti kha. Ndi tabwino, ndipo palibe mwana amene amatumidwa kukadumpha ngalande. Pamene panali kashedi ka aBanda pano amagulitsa machaja a foni, ndipo nsapato ikang'ambika ambili amangogula ina pa salaula, pa kaunjika.

Amama anapuma ntchito, ali kumudzi kwa Kapichila, akulima nshawa ndi chimanga. Amati tsiku limene anabweza mfuti komaliza anagona tulo tokoma kuposa tonse. Koma thupi silinamve kuti ntchito inatha. Akamapita kudimba, khasu paphewa lamanzele, chigongono chamanja chimakhalabe chotalikilana ndi chiuno, kusiyila malo chinthu chimene palibe. Adzukulu amawatsatila pambuyo pamzele, aliyense chigongono chili kunja, akuganiza kuti umo ndi mmene munthu wamkulu amayendela.