Viza ya Amayi

Lachitatu, mu Januwale, ku Bradford

Ndimasita yunifomu pamene azakhali analowa. "Iwe Mwayi, magetsi amenewo akulipira ndi boma lanu la Ireland?" Ndinazimitsa simbi.

Amene anaganiza zoti tichoke ku Dublin chaka chatha ndi bambo. Anati munthu wa pasipoti ya Ireland amalowa ku England n'kugwira ntchito popanda viza. Ine ndi bambo tili nayo. Amayi ali ndi ya Malawi basi.

"Amayi ako atitsatira viza ikatuluka," anatero bambo. Ndinakhulupirira, mpaka ndinasiya jekete yanga yofiira kuti amayi adzabwere nayo.

Kuno tikukhala kwa azakhali, alongo awo a bambo. Amasamalira okalamba, ndipo viza yawo inamangidwa kwa bwana mmodzi. Atangosiya ntchito, ulendo wa kumudzi. Bambo amasintha ntchito mmene afunira, ndiye azakhali zimawawawa. Amatitcha "azungu athu", ngakhale kutchalitchi, anthu n'kumaseka. Kusukulu ndilibe mnzanga woti ndimuuze. Amayi akaimba, bambo amandipatsa foni. "Uwauze kuti malamulo a kuno ndi ovuta."

Pa Khirisimasi ndinapita kwa amayi ku Dublin. Ndinkaganiza kuti andikumbatira. Anangoyang'ana chikwama changa.

"Mwafika, alendo a ku England?"

"Amayi, viza ituluka liti?"

Anaseka, koma si kuseka kwabwino. "Ituluka bwanji yosapempha? Pamafunika bambo ako atumize mapepala awo a ntchito, avomere kuti ndine mkazi wawo. Ndawapempha mpaka ndatopa. Iwenso unasankha kupita nawo."

Sindinasankhe. Palibe anandifunsa. Koma ndinangoti, "Pepani."

Masiku onse amene ndinali kumeneko tinkadya chete, ngati anthu ongokumana m'basi. Kuchipinda kwanga amayi anaikako woda wa zovala zogulitsa, ine ndinkagona pabalaza. Apo m'pamene ndinazindikira kuti lamulo la England lilipodi, koma bambo abisala kuseri kwake, ndipo wonyamula bodza lawo ndakhala ndili ine. N'chifukwa chake amayi akundiona ngati wa mbali ina.

 Mawa m'mawa, bambo akaweruka ku ntchito ya usiku, ndisanapite kusukulu, ndiwafunsa azakhali ali pomwepo: "Bambo, mapepala a amayi mutumiza liti?"