Shakir ndi Mawu a M'mphepete mwa Kope

Shakir anafika ku Baghdad mu 1954 atavala jekete la amalume ake, lomwe manja ake ankabisa zala. Anali mwana wa wopalasa bwato ku Amara, woyamba kwawo kuponda pa koleji ya aphunzitsi.

Masiku amenewo ophunzira anali ndi kope limodzi lalikulu lolembamo nkhani ndi ndakatulo. Linkakhala sabata imodzi kwa anyamata, ina kwa atsikana. Shakir anayambamo nkhani ya chikondi, ya namwali wolira pazenera tsiku ndi tsiku podikira bwenzi lake.

Kope litabwerako kwa atsikana, anapeza wina atalemba m'mphepete: "Kodi mtsikanayu alibe ntchito kwawo? Mpatseni ufa akande buledi."

Anzake anaseka mpaka kutaya tiyi. "Aise, wakumana nazo," anatero Jabbar, mnzake wogona naye chipinda chimodzi. "Ingobwerera uzikapalasa bwato."

Shakir anapsa mtima, komabe namwali uja anamuchotsa pazenera. Kope litapitanso n'kubwera, yankho linali lakuti: "Bolako. Koma mnyamata wanuyu amalankhula ngati nduna." Anakonzanso. Chaka chinatha chonchi, osadziwana nkhope.

Tsiku lina kumsika wa mabuku akale anamva mtsikana wa magalasi akuuza wogulitsa kuti, "Ayi bambo, ili ndinawerenga. Anthu ake amalankhula ngati nduna." Shakir anamuyandikira.

"Pepani chemwali, ndinu mumandizunza m'kope muja?"

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndimayesa ndinu wamtali. Ndine Nazhat. Gawo lachisanu lija munandiliza nalo, koma musauze munthu."

Shakir atafunsira ukwati, bambo ake a Nazhat, ogulitsa nsalu, anakana kawiri konse, ati mwana wawo sangapite kwa anthu a m'bwato. Kachitatu anaona kuti mwanayo wasiya kuseka pakhomo, ndipo analola. Awiriwo anakwatirana n'kukaphunzitsa ku Amara zaka makumi atatu.

Shakir sanasindikize buku ngakhale limodzi. Nkhani zake ankawerengera ana a m'kalasi mwake Lachinayi lililonse, ndipo ena mwa anawo anakalamba akuzikumbukirabe. Maso ake atafooka ndi ukalamba, Nazhat ndiye ankamuwerengera pakhonde masana. Buku likafika pomvetsa chisoni kwambiri, mayiyo ankalumpha masamba mwakachetechete. Shakir ankamva mapepala akutembenuka, koma sanafunsepo.