Mkazi Salowa M'bwalo

Nditamaliza maphunziro owongola ziwalo, ndinayamba ntchito pachipatala ku Livingstone. Loweruka ndinkathandiza timu ya mpira ya ku Libuyu. Ankanditcha dokotala wa timu, koma udokotala wake unali wa pakamwa chabe. Anyamatawo ankasamba mankhwala asanasewere, ndipo lamulo lake linali lakuti mkazi asawakhudze kapena kuponda m'bwalo mpaka mpira utatha. Choncho ndinkakhala kunja kwa mzere ndi chikwama changa. Wina akagwa, ankathamangirako ndi mdala wina wa chidebe cha madzi ndi siponji. Zinkandinyansa, koma ndinkangomeza malovu.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, goloboyi wathu anadumphira mpira n'kugunda mutu pamtengo wa golo. Anagwa chagada osatakataka. Anzake anavula majezi n'kumamukupiza, mdala wa chidebe n'kumukhuthulira madzi kumaso. Kenako awiri anamugwira manja kuti amudzutse, monga ankachitira ndi aliyense.

Ndinali nditaona mmene khosi linapindikira, ndipo ndinkadziwa kuti akangomukoka, mwina sadzayendanso.

Ndinathamanga. Kochi anandiimira kutsogolo kuti ndisalowe m'bwalo.

"Ba sister, simungangene. Muzaononga mankwala."

"Chokani, ba kochi. Akamunyamula apo, ni imwe muzayankha kuli amake."

Ndinamulambalala, ndinagwada m'fumbi, n'kugwira mutu wa mnyamatayo ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwanga anthu anayamba kukuwa kuti mkaziyo achoke. Mwala unagwera pafupi ndi bondo langa. Ndinkaopa kwambiri, koma manja ndinawaumitsa.

Mnyamatayo anatsegula maso.

"Ba sister, mendo yanga ili kuti? Siniimvela."

Amene anali pafupi anamva, ndipo phokoso linayamba kuzirala. Ndinamuuza kuti asatembenuke ngakhale pang'ono. Machira tinalibe. Ndinapempha chitseko, ndipo bambo wina wa nyumba yoyandikana ndi bwalolo anakazula chake. Tinamugonekapo pang'onopang'ono n'kumukweza kumbuyo kwa galimoto ya makala.

Msewu unali wa maenje okhaokha. Galimoto ikadumpha, ndinkangoona ngati khosi lathyokera m'manja mwanga. Ndinkamuyankhulitsa kuti asagone, iye n'kumangofunsa ngati mpira uja unalowa. Ndinamuuza kuti sunalowe, ngakhale kuti sindinkadziwa. Kochi anakhala kumapazi kwa mnyamatayo, atam'vula nsapato n'kumam'finya zala monga ndinam'lamulira, kuti tione ngati angamve.

Tikuyandikira geti la chipatala, mnyamatayo anakwinya nkhope ndi ululu.

"Ba kochi, lekani kunifinya chala. Chibaba."

Kochi anandiyang'ana, dzanja lake likadali pachala chachikulu cha kuphazi. Misozi inandiyenderera mpaka kugwera pachipumi pa mnyamatayo, koma ndinalibe dzanja loipukutira.